Lamba wa Madamu Phyllis

Phyllis anafika kunyanja ku Salima ndi sutikesi imodzi, katoni ya mabuku a Fizikisi, ndi lamba wachikasu wautali mamita makumi awiri, wa mtundu uja amamangira katundu pa lole. Lambayo anali ndi chitsulo chake chokungira, chimene chimalira kete kete munthu akamachikankha. Anzake akatumizidwa ndi boma kukaphunzitsa kudera lachilendo amayamba alongedza mapoto ndi mbaula, koma mwana wa ku Ntcheu ameneyu anayamba wapinda lamba, ndipo ankamusamala kuposa nsapato zake za kutchalitchi.

Kuyenda pa lamba anaphunzira ali ku koleji. Atafika pa sekondale yoyendera imene anamutumizako, anamumanga pakati pa mitengo iwiri ya mango, m'mwamba mofika m'mawondo, n'kuvula nsapato, n'kuyenda kuchokera uku kukafika uko atatambasula manja. Ana a Fomu 3 anakuwa mpaka ahedi anatuluka mu ofesi. Iye anaima pakati penipeni, lamba akunjenjemera pansi pa mapazi ake, n'kuwauza chimene anabweretsera zonsezo.

"Ine ndimalemera makilo sikisite," anatero. "Koma mitengo iwiriyi sikumva makilo sikisite ayi. Lamba akakhala wokungika chonchi, woongoka, ine n'kuponda pakati, mtengo uliwonse ukukokedwa ngati pali anthu asanu kapena khumi. Mukamumasula kuti alendewere, mitengo imapuma. Mukamukunga kwambiri, munthu mmodzi wokankha pakati akhoza kusuntha chinthu chimene chakanika gulu."

Ana anawomba m'manja, koma pa mayeso analemba zawozawo. Makolo awo atamva nkhaniyo anati boma lawatumizira wa masewero m'malo mwa mphunzitsi. Akamadutsa pa doko asodzi ankayenda monyang'ama kumbuyo kwake, manja ali m'mwamba, anzawo n'kumafa ndi phwete. Phyllis ankayenda ngati sakumva, koma zinkamupweteka kwambiri. Chimene ankachilakalaka sichinali chachikulu. Ankangofuna kuti tsiku lina munthu wamkulu wa m'mudzimo amufunse funso, n'kudikira yankho lake.

Mnzake anali mmodzi yekha, Hidaya, mayi woyanika usipa amene nyumba yake inayang'anizana ndi kanyumba kamene Phyllis ankachita lendi. Hidaya ndi amene anamuonetsa mjigo wa madzi abwino, n'kumuphunzitsa kuyankha moni wa Chisilamu. Malungo atamugwetsa Phyllis mwezi wake woyamba, Hidaya anamusambitsa ndi manja ake ngati mwana. Kuyambira pamenepo ankaitanana kuti achemwali.

Nyumba ya Hidaya anamanga ndi mwamuna wake, Mohamed, amene anali mmisiri wa njerwa. Anaimanga ngati munthu wodzimangira yekha: njerwa zootcha, simenti yosanyengerera, mazenera awiri aakulu kutsogolo oyang'ana kumsewu, ndi chitseko chachitsulo chobiriwira chakumbali, chimene felemu yake anaizika mu konkire. M'mwezi wa Epulo Mohamed anadwala sabata imodzi n'kumwalira. Hidaya analowa pa eda, nthawi ija mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala miyezi inayi ndi masiku khumi m'nyumba imene mwamuna wamusiyamo, osapita kutali.

Maliro asanazizire n'komwe, mchimwene wake wa Hidaya, Tahir, anabwera ndi nkhani. Malo amene panali nyumbayo anali a malemu mayi awo, ndipo iye anali atagwirizana kale ndi bwana wina wa ku Lilongwe amene ankafuna kumangapo nyumba yopumulirako m'mbali mwa madzi. Bwanayo ankafuna malo opanda kanthu. Hidaya anakana kwamtuwagalu. Shehe wa pa mzikiti anamuitana Tahir n'kumuuza kuti mkazi amene ali pa eda sasokonezedwa, ndipo Tahir anawerama n'kuvomera. Anali ndi chifukwa china chovomerera. Nyumba ya Mohamed siinali yogwa ndi hamala ola limodzi. Ikanatenga tsiku lathunthu, ndipo phokoso lake likanaitana mudzi wonse khoma loyamba lisanagwe. Zonsezi Phyllis ankazidziwa, chifukwa masana alionse akaweruka ankakhala pa mkeka kwa Hidaya, n'kumamva.

Mu Julaye mwera unaomba masiku atatu osaleka. Unadula chingwe cha boti la injini la Tahir n'kuliponya m'mphepete, mafunde n'kulidzaza mchenga mpaka theka lake linakwiririka. Loweruka m'mawa Phyllis akupita kukagula tomato anapeza amuna khumi ndi awiri akukoka botilo ndi chingwe, akuimba nyimbo yawo yokokera khoka, ukonde waukulu uja wa nsomba, mitsempha itatupa m'khosi. Boti linali phee. Anaima n'kuyang'ana mtengo waukulu wa nsangu umene unali kumtunda, n'kuyang'ananso boti, kenaka anabwerera kunyumba mofulumira. Tomato anamuiwala.

Atatulukira ndi lamba paphewa, Binali, mmodzi wa anyamata a Tahir, anayamba ndi iye. "Eee, tapumani amuna inu! Madamu abwera kudzativinira pa chingwe kuti boti lisangalale."

Onse anaseka chikhakhali. Phyllis anamanga mbali imodzi ya lamba ku mphete yachitsulo ya kutsogolo kwa boti, mbali inayo n'kuzunguliza pa nsangu. Anakankha chokungira, kete kete kete, mpaka lamba anaongoka n'kuuma, moti kumumenya ndi chala ankalira.

"A Tahir, ndipatseni anthu atatu okha."

"Atatu, Madamu? Khumi ndi awiri alephera apa."

"Atatu. Aime pakati penipeni, onse mbali imodzi. Agwire lamba, akokere cham'mbali, osati kumtunda."

Tahir anagwira yekha, pamodzi ndi Binali ndi mnyamata wake wina wotchedwa Shukuru, akumwetulira ngati anthu ofuna kusangalatsa wamisala. Anakoka. Lamba anapindika pang'ono pakati, ndipo boti linabuula mumchenga n'kusuntha kutalika kwa chikhatho. Kuseka kunatha. Phyllis anathamangira ku nsangu n'kukunganso, iwo n'kukokanso, boti n'kubweranso chikhatho china. Anachita choncho mobwerezabwereza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu boti linali pouma, madzi akutuluka m'ming'alu yake.

"Mashallah," anatero mkulu wina amene anangokhala pa bwato n'kumaonerera. "Kusukulu kuja kuli zinthu."

Tahir anangoyenda kutsatira lamba kuchokera ku boti mpaka ku mtengo, akumusisita ndi dzanja, ngati munthu amene akufuna kugula mbuzi. Phyllis anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Anakamufotokozera Hidaya zonse, mpaka mmene nkhope ya Binali inagwera, ndipo Hidaya anaseka koyamba chimwalirireni mwamuna wake.

Patapita masabata atatu, Lamlungu masana, Tahir anafika pa khonde la Phyllis atanyamula chambo ziwiri zazikulu. Anavula nsapato, anakana mpando n'kukhala pansi, chipewa chili m'manja. Munthu amene ankalankhula ndi asodzi ake ngati akuthamangitsa agalu, tsiku limenelo mawu ake anali ofewa ngati a mkamwini watsopano.

"Madamu, ife sukulu tinaithawa. Tabwera kuti mutithandize nzeru. Kumunda kwathu ku Maganga kuli mtengo wouma, waima pakati pa mpunga, ukutisowetsa mtendere. Kodi nzeru ija ya boti ingagwire pa chinthu choimirira?"

Limeneli ndilo funso limene Phyllis analidikira chaka ndi theka. Munthu wamkulu, wandevu zake, atakhala pansi, akudikira yankho. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala ndi cholembera.

"Ingagwire bwino kuposa pa boti," anatero akujambula. "Koma musamange m'munsi. Chinthu choimirira mphamvu zake zili pansi. Mumange m'mwamba, mmene mungafikire. Ndipo mtengo womangirako winawo ukhale patali, chifukwa lamba akatalika m'pamene anthu a pakati amakoka mosavutika. Chikangosuntha pang'ono, lamba amalendewera, mphamvu n'kutha. Pamenepo musalimbane naye, kakungeninso."

"M'mwamba, patali, kukunganso," anatero Tahir akuwerenga pa zala. "Nanga lambayo tingamupeze kuti ife osauka?"

Anamubwereka. Anamupindira bwinobwino, n'kumuonetsanso kachitsulo kamene amakankha akafuna kumasula chokungira. Apa palibe chomuikira kumbuyo Phyllis. Hidaya anali atamuuzapo kangapo kuti achimwene akewo chibadwire sanagwirepo khasu, ndipo munda wa ku Maganga unagulitsidwa mayi awo akadali moyo. Mfundo imeneyi inali m'mutu mwake muja, pamodzi ndi masamu onse aja, koma sanaifune tsiku limenelo. Munthu wodziwa kuwerengera mphamvu ya lamba mpaka pa kilo analephera kufunsa funso limene mayi aliyense wogulitsa mandasi akanafunsa. Chambo anadya, ndipo chinali chokoma.

Eda inatha Lachiwiri lina mu Ogasiti. M'mawa umenewo Hidaya anasamba, anavala nsalu yatsopano, ndipo amayi a m'mudzimo anasonkhana kuti amuperekeze ku Khombedza, kwa abale a malemu mwamuna wake, kumene kunali dua, mwambo wopempherera malemuyo. Amuna ambiri anali atagona, atachokera pa nyanja m'bandakucha. Hidaya anakhoma chitseko chobiriwira chija n'kuwoloka msewu, akuphethira ngati munthu amene dzuwa analiiwala.

"Achemwali," anatero akuika kiyi m'dzanja la Phyllis, "mundiyang'anireko nyumba. Achimwene akhala akundiwerengera masiku kuposa ine mwini wake. Ndikabwera madzulo ndikawaona ashehe kuti nkhaniyi ipite kwa akuluakulu. Lero lokha ndi limene ndikuopa."

Nkhani ya lamba inafika pakhosi pa Phyllis. Anaona kuti akainena, aonekera kupusa pamaso pa amayi onse aja, ndiye anaimeza. "Pitani bwino, achemwali. Palibe chichitike."

Anakaphunzitsa piriyodi yoyamba ndi yachiwiri kiyi ali m'thumba la siketi, akumukhudzakhudza. Ili pafupi kukwana teni koloko foni yake inalira. Anali Karima, mayi woyandikana ndi Hidaya, amene anatsala chifukwa cha mwendo wotupa.

"Madamu, bwerani msanga! A Tahir aswa magalasi a mazenera. Ndawaimbira kale a Hidaya, atsika minibasi panjira, akubwerera. A Tahirwo amanga chinthu chanu chija chachikasu!"

Phyllis anasiya choko pa tebulo n'kuthamanga, ana akumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Nsapato imodzi inatsala mumchenga pafupi ndi mjigo ndipo sanaitole.

Atakhota pa ngodya anaona phunziro lake lonse litayalidwa bwinobwino, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Lamba analowa pa zenera lina n'kutulukira linalo, atakumbatira khoma la pakati m'mwamba mwenimweni, pansi pa denga. Mbali inayo anakaimanga patali, ku mtengo wa mango wa tsidya la msewu. Anali wokungika, woongoka, wowala padzuwa. Pakati penipeni panali Tahir, Binali ndi Shukuru, onse mbali imodzi, atam'fulatira Phyllis, zidendene zitazikika mumchenga, akukokera chakumbuyo. Mng'alu unali utayenda kale kuchokera pa zenera kukafika pa malata, koma simenti ya Mohamed inkakanabe. Amuna atatuwo anali atatopa, thukuta lili kamukamu, ndipo khoma linali lisanagonje.

Chokungira chinali ku mtengo wa mango kuja. Kukankha kachitsulo kamodzi kokha, lamba akanagwa pansi ngati chinsanza. Phyllis ankadziwa zimenezi kuposa munthu wina aliyense m'boma lonse la Salima. Koma mtengo unali patali ndipo msana wa Tahir unali pafupi, ndiponso munthu amene wapsa mtima sawerengera.

"Siyani! A Tahir, siyani!"

Anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kumukokera kumbuyo ndi mphamvu zake zonse, kuti amuchotse pa lambapo. Tahir sanataye lamba. Anangogwiritsitsa. Makilo sikisite aja analowa pamene ankasowekera, mbali yomweyo imene amuna atatuwo ankakokera. Phyllis anamva lamba akulira m'mafupa a Tahir, ndipo anazindikira chimene wachita nthawi yomweyo, manja ake asanamasuke.

Khoma linatuluka lonse ngati dzino. Denga linatsatira, mitengo yake ikuthyoka, malata akulira, kenaka khoma la m'kati ndi la kumbuyo zinagwera pamodzi. Anthu anayi onsewo anagwa chagada mumchenga, Phyllis pansi, Tahir pamwamba pa miyendo yake. Fumbi lofiira linakwera n'kuphimba msewu.

Fumbilo litayamba kutsika, Phyllis anaona njinga yamoto ya kabaza itaima pa ngodya, injini ikulirabe. Hidaya anali atatsika kale, nsalu yake yatsopano ili m'thupi. Sanafike panthawi yoti amve mawu akuti siyani. Anafika panthawi yoti aone anthu anayi ali pa mzere ngati okoka khoka, wachinayi ali mnzake, akukoka mano ali gwa.

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba, amuna akutikita m'maso. Tahir anadzuka, anasasa mchenga pa thalauza, n'kuyang'ana gulu limene linkasonkhanalo. Anali munthu wochenjera, ndipo anaona msanga pothawira. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lija, la mivi ndi mizere yolembedwa ndi dzanja la mphunzitsi, n'kulipereka kwa Phyllis ndi manja awiri, mwaulemu, kuti aliyense aone.

"Zikomo kwambiri, Madamu," anatero mokweza. "Zayenda ndendende mmene munajambulira. Tikanapanda inu kubwera kudzatithandiza, tikanachezera pano. Lamba wanu timubweretsa tikamupukuta."

Phyllis anayesa kulankhula. Anati sizili choncho, anati ankafuna kumuchotsa Tahir pa lambapo, anati Tahiryo anamunamiza za mtengo wa ku Maganga. Mawu ankatuluka oduka, ndipo pepala linali m'dzanja lake, pamene aliyense ankaliona. Karima, amene akanamuchitira umboni, anali atathawira kuseri kwa nyumba yake khoma lisanagwe, ndipo sanaone kanthu. Mayi wina analavula pansi. Binali, amene anali asanaiwale manyazi a tsiku la boti, ankaseka poyera.

Hidaya sanalire ndipo sanatukwane. Anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono mpaka pamene panali nyumba yake. Zonse zinali pansi, njerwa, malata, bedi limene Mohamed anamwalirirapo litathyoka pakati. Chimene chinatsala chili chiimire ndi chitseko chobiriwira chija chokha, mu felemu yake ya mu konkire, chokhomabe monga anachisiyira m'mawa. Aliyense akanatha kuchizungulira mbali iyi kapena iyo. Hidaya anaima kutsogolo kwake n'kutembenuka.

"Madamu," anaitana.

Chifikireni Phyllis kunyanja kuno, Hidaya anali asanamuitanepo ndi dzina limenelo. Linamulasa kuposa malovu a mayi uja.

"Achemwali, ndimvereni kaye, ine..."

"Madamu, ndinakusiyirani kiyi. Bwerani mudzanditsegulire, ndilowe m'nyumba mwanga."

Phyllis anayenda ndi nsapato imodzi, akuponda magalasi osweka osamva kupweteka. Kiyi anakana kulowa kawiri. Kachitatu analowa, loko n'kutseguka mosavuta, pakuti Mohamed ankaithira mafuta. Anakankha chitseko, ndipo chinatseguka mpaka pamene chinagunda mulu wa njerwa. Kuseri kwake kunkaoneka nyanja yonse, ndi boti la Tahir likuyandama bwinobwino.

Hidaya anavula nsapato zake pakhomo monga ankachitira masiku onse, analowa, n'kudzitsekera chitseko, Phyllis atatsala panja.